Akulephera mvula ya mawa, ndiye za 2100 akuzidziwa bwanji?

Funso limeneli ndalimva kambirimbiri, ndipo nthawi zambiri wofunsayo amakhala akuseka, akuona ngati asayansi wawapana pakona. Akuti azanyengo amalephera kutiuza ngati mvula igwa Lachinayi likubwerali, ndiye zitheka bwanji kuti anthu omwewo ndi makompyuta omwewo azitiuza mmene dziko lidzatenthere mu 2100 tonsefe titapita kale? Ine funsoli sindilinyoza ayi, ndi funso labwino ndithu, kungoti ambiri amalifunsa asakufuna yankho. Ndiye lero ndati ndilembeko, ndipo nditalikitsa, pepani inu okonda zachidule.

Tiyambe tamvana kaye kuti modelo ya nyengo nchiyani, chifukwa ambiri amaganiza kuti ndi kompyuta imene amaipatsa manambala a kutentha kwa zaka zapitazi iyo nkungopitiriza mzere komwe ukulowera. Si choncho. Modelo ndi pulogalamu yaitali zedi, mizere ya code masauzande mazanamazana, ina kudutsa miliyoni, ndipo yambiri inalembedwa mu Fortran, chilankhulo cha kompyuta cha m'ma 1950 chimene anyamata a IT masiku ano amachiseka. Mkatimo muli malamulo a fizikisi basi: mmene mpweya umayendera kuchoka pamene pali pulesha yambiri kupita pamene pali yochepa, mmene kuzungulira kwa dziko kumakhotetsera mphepo, mmene madzi amasandukira nthunzi, mmene dzuwa limalowera ndi mmene kutentha kumatulukira kubwerera kuthambo. Dziko lonse amaligawa timabokosi, kabokosi kamodzi mwina makilomita 100 mulitali 100 mulifupi, nkutisanjikiza kuchokera pansi mpaka kumwamba kwenikweni magawo makumi angapo, nyanja zamchere nazonso chimodzimodzi kutsika pansi. Ndiye kompyuta imawerengera kuti m'kabokosi aka pakatha mphindi 20 kapena 30 mphepo, kutentha ndi chinyezi zisintha bwanji potengera zimene zili m'timabokosi toyandikana nako, ikamaliza tonse imasuntha wotchi nkuyambiranso, kubwereza zomwezo mpaka zaka 100 zikwane. Palibe amene amailembera kuti apa uike namondwe, uku kukhale chipululu, ayi, zimenezo zimatuluka zokha m'masamumo, ndipo kunena zoona chimenechi chimandidabwitsabe ine mpaka lero.

Munthu woyamba kuyesa zimenezi analibe kompyuta nkomwe. Anali Lewis Fry Richardson, Mngelezi wina wa chikhulupiriro cha ma Quaker amene anakana kugwira mfuti pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse nkusankha kuyendetsa ambulansi ku France. Mmipata yopuma ntchito yonyamula ovulala, mkuluyu ankawerengera pamanja, ndi pensulo, nyengo ya tsiku limene linali litadutsa kale, 20 May 1910, kuti aone ngati masamu angatulutse zimene zinachitikadi pakatikati pa Ulaya. Kulosera kwa maola 6 okha kunamutengera masabata pafupifupi 6, ndipo yankho lake linali lolakwika kotheratu, anapeza kuti pulesha ya mpweya ikwera ndi 145 hPa (muyeso wa pulesha) pa maola 6 pomwe tsikulo inali isanasunthe nkomwe, nambala yoti padziko pano sinachitikepo. Koma bambowa anasindikizabe zonse m'buku mu 1922, cholakwacho osachibisa. M'buku lomwelo analotanso za chiholo chachikulu chozungulira muli anthu 64,000 aliyense akuwerengera kabokosi kake, pakati pataima wotsogolera ndi nyali zamitundu zowalitsira amene akuthamanga kwambiri ndi amene akutsalira. Patapita zaka zambiri Peter Lynch wa ku Ireland anabwereza ntchito ija pa kompyuta nkupeza kuti njira ya Richardson inalibe vuto lalikulu, chinamulakwitsa ndi manambala oyambira amene anali osasefa.

Kompyuta itabwera zinthu zinayamba kuyenda. Mu 1950 gulu la Jule Charney ndi John von Neumann linagwiritsa ntchito ENIAC, chimakina chodzadza chipinda, kulosera nyengo ya maola 24, ndipo kuwerengerako kunawatengera pafupifupi maola 24 omwewo kkkk, ndiye kuti pomamaliza kulosera za mawa, mawalo lafika. Koma zinatheka, ndipo Richardson anali akadali moyo, anamutumizira zotsatira.

Tsopano apa mpamene pali yankho la funso lija. Mu 1961 Edward Lorenz wa ku yunivesite ya MIT ku America anali ndi kamodelo kakang'ono pa kompyuta ya muofesi mwake, ndiye tsiku lina anafuna kubwereza gawo lina, mmalo moyambira pachiyambi anangotaipa manambala a pakati ochokera pa pepala. Pepalalo linali litadula manambala, 0.506127 inalembedwa 0.506. Kusiyana kwake nkosaoneka ndi maso eti? Atabwerako komwa khofi anapeza kuti nyengo ya mukompyutamo yayenda njira ina yake, poyamba mizere iwiriyo inkatsatana, kenako kusiyana pang'ono, pomatha miyezi iwiri ya mumodelomo panalibenso kufanana kulikonse. Nchifukwa chake mvula ya tsiku lakutilakuti singaloseredwe kupitirira masabata ngati awiri, olo mutakhala ndi kompyuta yamphamvu bwanji, popeza simungayeze mpweya wa dziko lonse lero mpaka kadontho komaliza, ndipo kolakwika kakang'ono kamakula tsiku ndi tsiku. Ndiye amene amati azanyengo amalephera akunena zoona pang'ono, ngakhale kuti masiku ano kulosera kwa masiku asanu kuli bwino kwambiri kuposa mmene anthu amavomerezera, timangokumbukira tsiku limene anaphonya.

Koma modelo ya kutentha kwa dziko sikufunsidwa funso limenelo. Palibe akufuna kudziwa ngati pa 14 March 2087 kudzagwe mvula. Funso ndi lakuti kutentha kolowa kukamachuluka kuposa kotuluka, chaka ndi chaka, avereji ya zaka 30 idzakhala pati. Ikani poto wa madzi pamoto: palibe katswiri angakuuzeni kuti thovu lotsatira litumphukira mbali iti, koma mukadziwa kuchuluka kwa madzi ndi mphamvu ya moto mutha kunena bwinobwino kuti awira pakatha mphindi zingati. Thovu ndiye mvula ya Lachinayi, kuwirako ndiye nkhani tikukambayi. Ndipo asayansi vuto la Lorenz salithawa, amaligwiritsa ntchito dala. Ku NCAR, malo ofufuzira za nyengo ku Colorado ku America, anayendetsa modelo imodzi maulendo 40 kuyambira chaka cha 1920 mpaka 2100, ulendo uliwonse akusintha kutentha koyambira ndi kanambala kochepetsetsa, digiri imodzi kuigawa ka 100 thiriliyoni. Zotuluka zake, maiko 40 osiyana, kwina chaka chakuti kunali chilala kwina chaka chomwecho madzi osefukira, madera ena mpaka kuzizirako kwa zaka makumi angapo, koma onse 40 ukatenga dziko lonse akutentha, ndipo akutentha mofanana ndithu.

Chinanso chimene anthu amaiwala nchakuti nkhani ya carbon dioxide sinayambe ndi makompyuta. Eunice Foote ku America mu 1856 anaika mipweya yosiyanasiyana m'mabotolo agalasi padzuwa nkuona kuti la carbon dioxide likutentha kwambiri, John Tyndall ku London mu 1859 anayeza mwadongosolo kuti mpweya umenewu pamodzi ndi nthunzi ya madzi zimagwira kutentha kumene nthaka imatulutsa, pomwe oxygen ndi nitrogen, amene ndi pafupifupi mpweya wonse, amangokusiya kudutsa. Mu 1896 Svante Arrhenius wa ku Sweden anawerengera pamanja miyezi yambirimbiri nkupeza kuti carbon dioxide atachuluka kawiri dziko lingatenthe ndi madigiri 5 kapena 6. Anakweza nambala, inde, komanso iye ankaona ngati ndi nkhani yabwino, munthu wa dziko lozizira, ndipo ankaganiza kuti zidzatenga zaka mazanamazana. Mafakitale asanayambe kuotcha malasha mpweyawu unali magawo 280 pa miliyoni, timadziwa chifukwa cha timathovu ta mpweya wakale totsekeredwa mu ayezi wa ku Antarctica. Charles Keeling atayamba kuyeza pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii mu 1958 anapeza 315. Pano tadutsa 420. Zimenezi si za modelo, nzoyeza ndi chipangizo.

Kwa ine munthu wamkulu pa nkhani yonseyi ndi Syukuro Manabe, wa ku Japan amene anapita kukagwira ntchito ku America mu 1958. Mu 1967 iye ndi Richard Wetherald anapanga modelo yosavuta poyerekeza ndi za lero, mzati umodzi wokha wa mpweya kuchokera pansi kukafika kumwamba, koma munali zinthu zofunikazo, makamaka ichi chakuti mpweya ukatentha umanyamula nthunzi yambiri ndipo nthunziyo imaonjezeranso kutentha. Atachulukitsa carbon dioxide kawiri anapeza madigiri 2 ndi kakuti. Koma chimene ndimachikonda si nambalayo, ndi chinthu china chimene modeloyo inanena chomwe palibe munthu wamba akanachiganiza: pansi pano patentha koma kumwamba kwambiri, ku stratosphere, kuzizira. Taganizirani, likanakhala dzuwa ndi limene lawonjezera mphamvu, bwenzi konsekonse kukutentha, pansi ndi kumwamba komwe. Masetilaiti anayamba kuyeza zimenezi chakumapeto kwa ma 1970 ndipo stratosphere yazizira ndithu, mbali ina chifukwa cha kuwonongeka kwa ozone koma kumtunda kwenikweni ndi carbon dioxide. Ndiye wina akamati ndi dzuwa chabe, mufunseni kuti nanga kumwambako kukuziziriranji. Manabe anadzalandira Nobel ya fizikisi mu 2021 ali ndi zaka 90, limodzi ndi Klaus Hasselmann wa ku Germany amene anapeza njira yosiyanitsira dzanja la munthu ndi kusinthasintha kwachilengedwe, komanso Giorgio Parisi wa ku Italy pa ntchito ina.

Mu 1979 boma la America linapempha kagulu ka akatswiri, wotsogolera Charney yemwe uja, kuti kanene chilungamo chake, carbon dioxide atachuluka kawiri dziko lingatenthe bwanji. Anali ndi mamodelo a magulu awiri okha oti nkuwadalira, a Manabe akuti madigiri ngati 2, a James Hansen wa ku NASA akuti ngati 4. Iwo anangoti chabwino, pakati ndi 3, ndipo anaika malire kuyambira 1.5 mpaka 4.5. Zikumveka ngati zongoyerekeza eti. Koma mu 2021, patatha zaka 42, makompyuta atakula mphamvu kamamiliyoni, lipoti lachisanu ndi chimodzi la IPCC, gulu la akatswiri a kusintha kwa nyengo la bungwe la UN, linati nambala yapakati ndi 3, mwina pakati pa 2.5 ndi 4. Ena amati ndiye kuti sayansiyi sikupita patsogolo. Ine ndimaona mosiyana, nambala imene anthu masauzande aikankha mbali zonse kwa zaka 40, ena akufunitsitsa kuti itsike, iyo osasuntha, imeneyo ndi yoti muziiopa.

Mayeso enieni a modelo ndi kunena zinthu zisanachitike, ndipo mwayi wotere unabwera mu June 1991 pamene phiri la Pinatubo ku Philippines linaphulika nkuponya matani mamiliyoni ambiri a mpweya wa sulufule ku stratosphere, umene umasanduka tinthu ting'onoting'ono tobweza dzuwa. Gulu la Hansen linaika zimenezi mumodelo nkulengeza kuti dziko lizizira ndi pafupifupi theka la digiri pofika 1992 kenako libwerera pakatha zaka zingapo. Zinachitikadi choncho. Kenako mu 2019 Zeke Hausfather ndi anzake anafukula maulosi 17 a mamodelo akale, kuyambira 1970 mpaka 2007, nkuwayerekeza ndi zimene matemometa anayeza pambuyo pake. 10 anagwirizana ndi zoyezedwa, ndipo atakonza nkhani yakuti olembawo sakanadziwa kuti anthu adzatulutsa utsi wochuluka bwanji, anakwana 14. Ulosi wotchuka wa Hansen wa 1988, chaka chimene anakayankhula ku Senate ya America, unakwera kupitirira, mbali ina chifukwa modelo yake inali yotentha msanga, mbali ina chifukwa mipweya ya CFC, ya m'mafiriji imene nayonso imagwira kutentha, imene iye ankayembekeza kuti ipitirira kuchuluka inadulidwa ndi pangano la Montreal la 1987. Ndipo chokoma kwambiri nchakuti asayansi a kampani ya mafuta ya Exxon nawonso anali ndi mawerengero awo kuyambira 1977, kafukufuku amene anatuluka mu magazini ya Science mu 2023 anapeza kuti ankalosera kutentha kwa madigiri pafupifupi 0.2 pa zaka 10 zilizonse, zomwe ndi zimene zachitikadi, pamene mabwana a kampaniyo pagulu ankati mamodelo ngosadalirika.

Tsopano ndisakhale ngati wotsatsa malonda, mamodelowa ali ndi zilema, ndipo chilema chachikulu ndi mitambo. Paja ndati kabokosi ndi makilomita 100, pomwe mtambo wa mvula ya mabingu ungakhale makilomita ochepa chabe, ndiye modelo siuona mtambowo, siingathe. Chimene amachita ndi kulemba fomula yoyerekeza, yakuti chinyezi chikafika apa ndipo mpweya ukamakwera chonchi ndiye kuti gawo lakuti la kabokosi lili ndi mitambo, ndipo m'mafomula amenewa muli manambala amene sachokera ku lamulo la fizikisi mwachindunji, amawasintha pang'onopang'ono mpaka modelo ifanane ndi dziko lenileni. Mwina mukuti bwanji osangochepetsa timabokosito? Vuto ndi lakuti mukadula kukula kwa kabokosi ndi theka ntchito ya kompyuta imachuluka pafupifupi ka 8 kapena ka 10, chifukwa timabokosi tachuluka mulitali ndi mulifupi komanso wotchi iyenera kusuntha pang'onopang'ono kuposa kale, ndiye kuchoka pa makilomita 100 kufika pa 1 si nkhani yogula kompyuta ina imodzi. Ndipo mitambo si yamasewera. Yotsika, yoyera, ya pamwamba pa nyanja imabweza dzuwa nkuziziritsa dziko, pomwe yopyapyala ya kumwamba kwambiri imasunga kutentha. Dziko likamatentha mitambo yotsikayo ikachepa olo pang'ono, kutentha kumawonjezeka kwambiri, ndiye kusiyana kwa modelo yonena 2.5 ndi yonena 5 kwagona pamenepa.

Zimenezi zinaonekera poyera cha m'ma 2019 pamene mamodelo atsopano a gulu lotchedwa CMIP6 anayamba kutuluka. Ena mwa otchuka, a ku Canada, a ku Britain, a ku NCAR komwe kuja, anatulutsa manambala opitirira madigiri 5 carbon dioxide akachuluka kawiri, kuposa akale onse, atakonza mmene amawerengera madzi ndi ayezi m'mitambo ya kunyanja zakummwera. Anthu anachita mantha. Koma eni ake sanangovomera, anatenga imodzi mwa mamodelowo nkuipatsa dziko la zaka 21,000 zapitazo, nthawi ya ayezi, ndipo inazizira mopitirira kwambiri zimene umboni wa m'matope a pansi pa nyanja umasonyeza. Ndiye IPCC mu 2021 sinangotenga avereji ya mamodelo onse ngati kale, inawayeza kaye ndi mbiri ya kutentha komanso nyengo zamakedzana, otentha kwambiriwo nkuwachepetsera mawu. Amene amati asayansiwa amangokhulupirira chilichonse chotuluka mukompyuta nkhani iyi sanaimve.

Pa mvula ndiye pali ntchito. Chimene mamodelo onse amagwirizana, komanso fizikisi yakale imanena, nchakuti digiri iliyonse yowonjezera imapangitsa mpweya kunyamula nthunzi yochuluka ndi pafupifupi 7 peresenti, ndiye mvula yamphamvu ikagwa imagwa yoopsa kuposa kale, ndipo nthaka imauma msanga pakati pa mvula ndi mvula. Koma mukafunsa kuti dera lakuti mvula ya pachaka ichuluka kapena ichepa, kwina amagwirizana, monga maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean kumene pafupifupi onse akuti kuuma, kwina ndiye aliyense zake. Ku Sahel, kummwera kwa chipululu cha Sahara, ena akuti kunyowa ena akuti kuuma. Kummawa kwa Africa mamodelo ambiri akhala akunena kuti mvula ichuluka, pomwe mvula ya March mpaka May inakhala ikuchepa kwa zaka zambiri kuyambira m'ma 1980, mpaka akatswiri anachita kuipatsa dzina nkhaniyi. Ndipo apa pali kupanda chilungamo kwina, mamodelo ambiri amapangidwa ku Ulaya, ku America, ku China ndi ku Japan, amayesedwa bwino kumene kuli masiteshoni ambiri oyezera nyengo, pomwe madera otentha kumene anthu ambiri amadalira mvula pa ulimi ndi kumene masiteshoni ali ochepa komanso kumene mvula yake ndi ya mabingu ija modelo siitha kuiona. Munthu amene akufunitsitsa yankho ndi amene akulandira yankho lofooka.

Komanso tisaganize kuti modelo ikalakwa ndiye kuti yakokomeza. Ayezi wa panyanja ya Arctic anasungunuka msanga kuposa mmene mamodelo a m'ma 2000 ankanenera, mu September 2012 anatsala masikweya kilomita 3.4 miliyoni, pafupifupi theka la mmene ankakhalira m'ma 1980. Mbali inayi, kummawa kwa Pacific ndi nyanja zozungulira Antarctica kunakhala kukuzizirako kwa zaka zambiri pomwe mamodelo ankati kutenthe. Kulakwa kulipo mbali zonse ziwiri, ndiye ine sindimvetsa anthu amene akamva kuti pali zosatsimikizika amapuma mpweya wabwino, ngati kuti kusatsimikizikako kumangogwera mbali yotikomera.

Ndiye pali chinthu chimene modelo iliyonse singawerengere, anthufe. Kuti idziwe za 2100 iyenera kuuzidwa kuti tidzaotcha malasha, mafuta ndi gasi wochuluka bwanji, ndipo zimenezo si fizikisi, ndi ndale ndi ndalama. Nchifukwa chake amaipatsa nkhani zingapo. Lipoti la 2021 lija linati tikadula utsi mwachangu kwambiri, kumapeto kwa zaka 100 zino dziko lidzakhala lotentha ndi madigiri ngati 1.4 poyerekeza ndi zaka za 1850 mpaka 1900, tikayenda njira yapakatikati ngati 2.7, tikaotcha mopanda mabuleki ngati 4.4. Atolankhani amakonda kutola 4.4 nkuika pamutu wa nkhani ngati ulosi, zimene zimandinyansa, chifukwa njira imeneyo imafuna kuti malasha achuluke kwambiri kuposa mmene zikuonekera pano, koma 2.7 yomweyo si yocheza ayi. Ndipo mamodelo ovuta onsewa anatipatsa kalamulo kosavuta koti mutha kuwerengera pa foni: matani 1,000 biliyoni aliwonse a carbon dioxide amawonjezera madigiri pafupifupi 0.45. Dziko likutulutsa matani pafupifupi 40 biliyoni pachaka. Gawani nokha, zaka 25 zilizonse pa liwiro limeneli ndi pafupifupi theka la digiri.

Masiku ano kwabweranso za AI, ndipo pa kulosera nyengo ya masiku ochepa zachita zodabwitsa. GraphCast ya Google DeepMind mu 2023 inkalosera masiku 10 pasanathe mphindi imodzi nkumaposa mamodelo akuluakulu pa miyeso yambiri, ndipo likulu la zanyengo la ku Ulaya, ECMWF, linayamba kugwiritsa ntchito yawoyawo mu 2025. Kungoti zimenezi zimaphunzira pa nyengo ya zaka 40 zapitazo, zimadziwa dziko limene zaliona. Dziko lotentha ndi madigiri 3 mu data mulibemo, ndiye pa funso la 2100 fizikisi ija ya Richardson ndi Manabe sinapume ntchito, ngakhale ena akuyesa kuphatikiza ziwirizi, AI igwire za mitambo fizikisi igwire zotsalazo.

Chimene chikuwasowetsa tulo akatswiri pano ndi zaka ziwiri, 2023 ndi 2024. Malinga ndi WMO, bungwe loona za nyengo padziko lonse, 2023 inatentha ndi madigiri pafupifupi 1.45 kuposa nthawi ya mafakitale asanachuluke, 2024 pafupifupi 1.55, chaka choyamba chathunthu kudutsa malire a madigiri 1.5 amene maiko anagwirizana mu pangano la Paris la 2015, ngakhale panganolo limakamba za avereji ya zaka zambiri osati chaka chimodzi. El Niño analipo inde, koma kutentha kwa 2023 kunayamba msanga El Niño asanakhwime, ndipo Gavin Schmidt, amene panthawiyo anali mkulu wa GISS, nthambi ya NASA yofufuza za nyengo, analemba poyera mu Nature kuti chakacho chinapitirira zimene ankayembekeza ndi madigiri pafupifupi 0.2. Oganiziridwa alipo angapo: lamulo la 2020 limene linadula sulufule m'mafuta a sitima zapamadzi kuchoka pa 3.5 kufika pa 0.5 peresenti, zomwe nzabwino ku mapapo a anthu koma zinachotsa utsi umene unkawalitsa mitambo ya panyanja, kuphulika kwa phiri la pansi pa nyanja la Hunga Tonga mu January 2022, ndi dzuwa limene linkayandikira pachimake pa kayendedwe kake ka zaka 11. Kenako kumapeto kwa 2024 gulu lina la ku Germany linasonyeza ndi masetilaiti kuti mu 2023 dziko linabweza dzuwa lochepa kuposa chaka china chilichonse chimene chinayezedwapo, ndipo chifukwa chachikulu chinali kuchepa kwa mitambo yotsika ija. Ngati yachepa chifukwa cha utsi wa sitima kapena kusinthasintha wamba kwa nyanja, ndiye kuti ndi kudumpha kwa kamodzi. Koma ngati ikuchepa chifukwa choti dziko latentha, ndiye kuti mamodelo otentha aja amene anawachepetsera mawu mu 2021 ayenera kuitanidwanso adzamvedwe bwino.